Kuwedza Nsomba ya Walleye m'Mitsinje Yodzala ndi Yozizira

Alimi anzathu, tonse tidziwa kuti mtsinje ukadzala, madzi nafiira ndi matope, anthu ambiri amapacika mbedza zao ku denga nanena kuti nsomba zathawa. M'nkhani ino tifuna kukuuzani za nsomba ina ya ku maiko akutali, ku Canada ndi kumpoto kwa United States, imene anthu amaiwedza nthawi yomwe mitsinje iri yodzala, yobvunduka ndi yozizira kwambiri. Dzina lace ndi walleye. Nsombayi kuno kwathu kulibe, ndipo sitiri kunena kuti wina abwere nayo. Koma makhalidwe ace, ndi njira zimene eni dzikolo amaigwirira ndi kuisungira, ziri ndi phunziro kwa munthu ali yense wokhala pafupi ndi mtsinje. Madzi akadzala nsomba imangosamukira malo ena, ndipo wodziwa khalidwe lace amaipeza. Tsono popeza nsomba yoswana ndi yosabvuta kuipeza, nkosabvutanso kuitha yonse ngati palibe lamulo ndi cisamaliro.

NSOMBA YACE NDI YOTANI

Walleye ndi nsomba yaitali thupi, ya msana wobiriwira mosakanizika ndi cikasu, ndi mimba yoyera. Pa msana iri ndi zipsepse ziwiri, cakutsogolo ca minga yolasa. Ku nsonga ya mcira, mbali ya pansi, kuli banga loyera, ndipo m'kamwa muli mano akuthwa, pakuti cakudya cace ndi nsomba zinzace zazing'ono. Zambiri zimene anthu amagwira zimalemera mapaundi 2 kufikira 4, koma zazikazi zokhwima zimatha kupitirira mapaundi 10. Akatswiri a za nsomba amaicha Sander vitreus. Anthu ambiri a ku Canada amati pickerel, olankhula Cifalansa amati doré, ndipo a mtundu wa Ojibwe, amene anali kuigwira kale Azungu asanafike, amati ogaa. Mnofu wace ndi woyera, wokoma ndi wosacuruka minga. Imakondedwa kwambiri, kotero kuti cigawo ca Minnesota cinaisankha mu 1965 kukhala nsomba yoimira cigawoco.

Cinthu cacikuru pa nsombayi ndi diso lace. M'kati mwa diso, kumbuyo, muli kanthu konga kalirole kamene kamabweza kuwala, kotero kuti kuwala kocepa kumene kwalowa m'diso kumagwira nchito kawiri. Ndi cimodzimodzi maso a mphaka kapena a fisi, amene amanyezimira mukawaunika ndi nyali usiku. Cifukwa ca ici walleye imapenya bwino m'cizimezime ndi m'madzi obvunduka, mmene tinsomba timene imadya sitipenya bwino. Dzuwa lowala limaithobwa m'maso. M'madzi oyera imabisala pansi usana wonse, nituruka kukadya madzulo, usiku ndi m'bandakuca. Koma madzi akada ndi matope, kwa iyo usana uli ngati madzulo, ndipo msodzi angathe kuigwira dzuwa liri pamutu.

Cinanso, m'nthiti mwace, kuyambira ku makha kufikira ku mcira, muli mzere umene nsomba imamvera kugwedezeka kwa madzi. Cambo ndi mlamba ali naonso mzere wotere, mukayang'anitsitsa mudzauona. Ndi mzere umenewu walleye imazindikira kanthu koyenda pafupi ngakhale isanakaone.

CIFUKWA CACE IMAKWERA MITSINJE

Ku maiko amenewo nyengo yozizira imakhala kuyambira m'December kufikira m'March. Nyanja ndi mitsinje yambiri imaundana pamwamba, ndipo minda imakwiririka ndi cipale cofewa, ndiwo madzi oundana ogwa kumwamba ngati ufa. M'March ndi m'April kunja kumayamba kufunda. Cipale cimasungunuka, mvula nigwa pa nthaka imene idakali youma gwa ndi cisanu, yosatha kumwa madzi. Madzi onsewo amathamangira m'mitsinje nthawi imodzi. Ncifukwa cace mitsinje imadzala ndi kuda matope, koma madzi ace ali ozizira kopweteka m'mafupa.

Nthawi yomweyi ndiyo imene walleye imaswana, madzi akafunda kufika pa madigiri 42 mpaka 50 pa muyeso wa Fahrenheit, ndiko kunena 6 mpaka 10 pa muyeso wa Celsius. Zina zimaswana pa miyala ya m'nyanja momwemo. Zina zimacoka m'nyanja nizikwera mitsinje kukafuna malo osaya, a miyala ndi nsangalabwi, pamene madzi amayenda mofulumira. Zazimuna zimatsogola ndipo zimacedwa kubwerera. Zazikazi zimafika pambuyo, niziikira mazira makamaka usiku, nizibwerera ku nyanja. Sizimanga cisa, ndiponso sizisunga ana m'kamwa monga acitira cambo. Mazira amangomwazika nagwera m'mipata ya miyala, ndipo nsomba imodzi yaikuru imatha kuikira mazira oposa 100,000. Amaswa pakapita masabata 2 kapena 3, monga mwa kufunda kwa madzi, ndipo tiana timatengedwa ndi madzi kutsikira ku nyanja.

Citsanzo codziwika ndi mtsinje wa Maumee. Umayambira pa mzinda wa Fort Wayne m'cigawo ca Indiana, nuyenda mailosi 137, nukathira m'nyanja ya Erie pa mzinda wa Toledo m'cigawo ca Ohio. Caka ndi caka, kuyambira m'March kufikira kumapeto kwa April, walleye zikwi zambirimbiri zimakwera mtsinjewu kufika pa miyala ya pafupi ndi midzi ya Maumee ndi Perrysburg. Pamenepo asodzi amaima m'madzi moyandikana, mzere wautali ngati anthu a pa dima.

KUMENE IMAKHALA MADZI AKADZALA

Thupi la nsomba silikhala lofunda pa lokha monga la ng'ombe kapena la munthu. Limazizira molingana ndi madzi. M'madzi ozizira nsomba imayenda mwaulesi, imagaya cakudya mocedwa, ndipo sifuna kutaya mphamvu polimbana ndi madzi othamanga. Tsono mtsinje ukadzala, pakati pace pamakhala liwiro loti nsomba singaimepo nthawi yaitali. Imapita pamene madzi afooka, nikhala pansi penipeni, mutu utaloza kumtunda, kudikira kuti madzi aibweretsere cakudya. Malo otere ndi awa:

1. M'mphepete mwa gombe, pamene madzi osefukira akomana ndi udzu ndi zitsamba nacepa liwiro. Msodzi wosadziwa amaponya mbedza kutali pakati pa mtsinje, pamene nsomba ziri pafupi ndi mapazi ace, nthawi zina pa madzi olekeza m'ciuno.

2. Kuseri kwa mwala waukuru, cisumbu, mtengo wogwa kapena mzati wa mlatho, pamene madzi amazungulira nabwerera m'mbuyo.

3. Pokhota mtsinje, mbali ya m'kati, pamene mcenga umaunjikana.

4. Pamene kamtsinje kathira mu mtsinje waukuru. Madzi a kamtsinje kawirikawiri amayamba kuyera ndi kufunda msanga, ndipo tinsomba timasonkhana pamenepo.

5. Kunsi kwa damu kapena mathithi, pamene ulendo wa nsomba watsekeka. Zimaunjikana cam'mbali, popewa pamene madzi alikugwa ndi mkokomo.

Pa malo onsewa msodzi amafuna msoko, ndipo pamene madzi othamanga akomana ndi madzi odekha. Msokowo umaoneka pamwamba ngati mzere wa thobvu ndi zinyalala. Nsomba imakhala mbali yodekha, maso ali ku mbali yothamanga.

Madzi akamakwerabe, atanyamula mitengo ndi zibenthu za madzi oundana, si nthawi yowedza. Komatu kudzala komweko ndiko kumaitana nsomba zatsopano kucokera ku nyanja. Cifukwa cace nthawi yabwino koposa ndi pamene madzi aima, nayamba kuphwa ndi kuyera pang'ono. Pa tsiku, dzuwa likapendeka madzi amakhala atafundako pang'ono, ndipo kufunda kocepako kumadzutsa nsomba.

ZIDA NDI KAWEDZEDWE

Ndodo yowedzera ndi yopepuka, ya mapazi 6 kapena 7, yokhala ndi kagudumu kokulungira cingwe. Cingwe ndi copyapyala koma colimba, pakuti cingwe conenepa cimakokedwa ndi madzi, nyambo niyandama. Mbedza yodziwika amaicha jig, ndiyo mbedza imene ku mutu kwace anaumbirako kampira ka mtobvu kopaka utoto. Pa mbedzayo amabvekapo kamcira ka pulasitiki wofewa kogwedezeka m'madzi, kapena kansomba konga matemba athu, kapena zonse ziwiri. Pa Maumee ambiri amamanga mwa njira ina. Mtobvu amauika pa cingwe paokha, ndipo kumbuyo kwace, mapazi 2 kufikira 4, amamangako mbedza ya mutu woyandama. Mtobvu umakwawa pansi, mbedza niyandama pang'ono pamwamba pa miyala, molunjika kukamwa kwa nsomba, ndipo sikodwa kawirikawiri.

Pa kawedzedwe pali zinthu zitatu zoyenera kuzikumbukira.

Coyamba, nyambo ifike pansi. Msodzi amaponya modutsa mtsinje, cakumtunda pang'ono, nalola madzi kutenga mtobvu kutsika nao, iye alikutsata ndi nsonga ya ndodo. Mtobvu woyenera ndi umene umagunda miyala apo ndi apo, msodzi namva m'dzanja kuti go, go, go. Ngati samva kanthu, mtobvu wapepuka ndipo nyambo irikupita pamwamba pa nsomba. Ngati ukodwa nthawi zonse, walemera. Ncifukwa cace amatenga mitobvu yosiyana kulemera, kuyambira kota la aunsi kufikira aunsi 1, naonjeza kulemera madzi akamakwera, nacepetsa akamaphwa. Owedza m'bwato amayendetsa bwato pa liwiro lomwe la madzi, kuti cingwe citsike cilili pansi pa ndodo.

Caciwiri, nyambo iyende pang'onopang'ono. Nsomba yozizidwa sithamangitsa cakudya. Msodzi amatukula nyambo mainchesi ocepa okha, naitsitsanso mofatsa, naiimitsa kanthawi. Nsomba zimene zirikuswana sizidya kwambiri, ndipo zocuruka mwa zimene zimagwidwa ndi zazimuna. Munthu angathe kuponya kambirimbiri pa msoko umodzi asanamve kanthu. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacitatu, nyambo ikhale yoti nsomba iione kapena iimve. Diso la walleye limazindikira bwino mitundu ya lalanje ndi yobiriwira, cotero m'madzi amatope asodzi amasankha utoto wowala wa lalanje, wa cikasu cobiriwira kapena wofiirira. Ena amasankha wakuda bii, pakuti cinthu cakuda cimaoneka ngati cithunzithunzi m'madzi ofiira. Nyambo yokulirapo ndi yogwedezeka imamveka pa mzere wa m'nthiti uja, ndipo kansomba keni-keni kamaonjeza pfungo.

Kudya kwa walleye m'madzi ozizira ndi kwa ulemu. Sikoka cingwe mwamphamvu monga acitira mlamba. Msodzi amangomva kagugu kamodzi, kapena cingwe cimangolemera ngati cakola tsamba. Pomwepo ayenera kutukula ndodo msanga, nsomba isanalabvule mbedza.

NGOZI YA MADZI OZIZIRA

Asodzi oima m'madzi amabvala nsapato za mphira zofika m'cifuwa, namanga lamba m'ciuno kuti madzi asadzale m'katimo ngati agwa. Munthu akagwera m'madzi ozizira cotere, mpweya umamubanika pomwepo, ndipo angathe kumwa madzi asanazindikire. Pakapita mphindi ngati 10 manja ndi miyendo zimafooka, ngakhale akhale katswiri wosambira. Cifukwa cace anzeru amabvala jekete loyandamitsa, amayenda ndi ndodo yoyesera pansi, sapita okha, ndipo saoloka kumka ku zisumbu madzi akakwera. Popeza nsomba ziri ku gombe komweko, palibe cifukwa coti munthu alowere pakuya.

MALAMULO OSUNGA MBEU

Taona kuti pa nyengo imeneyi nsomba zokhwima zimaunjikana pa malo ocepa ndi odziwika. Munthu wochinga mtsinje ndi khoka pamenepo angathe kugwira m'masiku ocepa nsomba zimene zikadabala ana a zaka zambiri. Ali ngati mlimi wokazinga mbeu yace yonse mvula iri pafupi.

Anthu a ku nyanja ya Erie anaziona zimenezi. M'zaka za m'ma 1950, maukonde a nayiloni atafika, walleye zinagwidwa zambiri koposa kale lonse, ndipo pofika zaka za m'ma 1960 zinacepa kwambiri. Madzi a nyanjayo analinso ataipa ndi zonyansa za m'mizinda ndi m'mafakitale. Mu 1970 anapeza mankhwala a poizoni ochedwa mercury m'minofu ya nsomba, ndipo kugwira walleye za malonda kunaletsedwa. Mu 1972 maboma a United States ndi Canada anapangana zoyeretsa madzi a nyanja zao zazikuru. Nsomba zitapumula, madzi nayamba kuyera, walleye zinacurukanso. Boma la Ohio silinalolenso kugwira walleye ndi makoka a malonda, ndipo caka ndi caka zigawo za Ohio, Michigan, Pennsylvania, New York ndi Ontario zimagwirizana za kucuruka kwa nsomba zoyenera kugwidwa m'nyanja yonse.

Pa Maumee, kuyambira pa 1 March kufikira pa 30 April, pa malo oswanirana aja munthu amaloledwa kuwedza kuyambira poturuka dzuwa kufikira polowa dzuwa pokha, kuti usiku nsomba ziswane mwa mtendere. Mbedza ikhale ya nsonga imodzi. Kukowa nsomba m'nthiti kapena ku mcira nkoletsedwa. Yokodwa pena posakhala m'kamwa iyenera kubwezedwa m'madzi. Yosafika mainchesi 15 ibwezedwenso, ndipo pali malire a nsomba zimene munthu angapite nazo kwao pa tsiku. Ku Minnesota ndi kolimba koposa: m'nyanja ndi m'mitsinje yambiri ya m'kati mwa cigawoco kugwira walleye kumatsekedwa kuyambira kumapeto kwa February kufikira m'May.

Citsanzo cina ndi nyanja ya Red Lake, ku Minnesota komweko. Walleye za kumeneko zinatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1990. Eni nyanja a mtundu wa Ojibwe anasiya okha usodzi wao wa malonda mu 1997, ngakhale mabanja ambiri anali kudya za nsombazo. Mu 1999 anapangana ndi Boma kutseka kugwira walleye ndi kuthiramo tiana ta nsomba. Pofika 2006 nsomba zinali zitabwerera, usodzi nutsegulidwanso.

MATOPE NDI NTHAKA YA MLIMI

Matope amathandiza msodzi pobisa dzuwa, koma amapha mazira. Dzira la nsomba limapuma mpweya umene uli m'madzi oyenda pakati pa miyala. Matope akatseka mipatayo dzira limabanika ndi kuola. Akatswiri anapezanso kuti zaka zimene Maumee wadzala kwambiri ndi matope pa nthawi yoswa mazira, tiana tocepa tokha timafika ku nyanja tamoyo.

Nanga matopewo acokera kuti? Acokera m'minda. Dziko limene Maumee amadutsamo kale linali dambo lalikuru la mitengo, lochedwa Great Black Swamp. M'zaka za m'ma 1800 anthu anadula mitengo, nakumba ngalande, naumitsa dambolo, ndipo lero ndi minda ya cimanga, soya ndi tirigu. Madzi amene dambo linali kusunga ndi kusefa tsopano amathamangira mu mtsinje atanyamula nthaka ndi feteleza. Fetelezayo amameretsa ndere za poizoni m'nyanja. M'August 2014 anthu oposa 400,000 a ku Toledo ndi midzi yozungulira anauzidwa kuti asamwe madzi a m'mipopi kwa masiku ngati 3 cifukwa ca ndere zimenezi. Ncifukwa cace alangizi a kumeneko amalimbikitsa alimi kusiya udzu m'mphepete mwa mitsinje ndi ngalande, kubzala mbeu zophimba nthaka m'nyengo yozizira, ndi kuthira feteleza wa muyeso pa nthawi yoyenera. Njira ya nsomba nayonso amaisamala: pa mtsinje wa Sandusky, m'cigawo comweco ca Ohio, anagumula damu lakale la Ballville mu 2018, kuti nsomba zifike pa miyala ya kumtunda imene inali yotsekeka zaka zoposa 100.

PHUNZIRO KWA IFE

Ife tiribe walleye, koma tiri ndi nsomba za khalidwe lomweli. Mpasa ndi sanjika zimacoka m'nyanja ya Malawi nizikwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa nsangalabwi zoyera. Nchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa zambiri m'nyanja yathu, nayonso imaswana m'mitsinje; inacepa kwambiri m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ndi yosowa. Mtsinje wa Bua usanafike m'nkhalango ya Nkhotakota umadutsa m'minda ya ku Mchinji ndi Kasungu, kotero kuti nthaka yokokoloka m'munda wa mlimi amene sanaonepo nyanja ingathe kukakwirira mazira a mpasa.

Cifukwa cace tikupemphani zinthu izi. Limani mizere yopingasa pa malo otsetsereka, ndipo konzani migula mvula isanagwe. Musalime kufikira pa gombe. Siyani mabango, udzu ndi mitengo m'mphepete mwa mtsinje. Ochera mabiyo ndi miono asachinge mtsinje wonse, koma asiye mpata woti nsomba zina zipite kukaswana. Katupe ndi mankhwala ena ophera nsomba ndi oletsedwa ndi lamulo la za nsomba la 1997, pakuti amapha mai ndi mwana yemwe. Ndipo ukonde wa udzudzu ndi wogonamo, si wogwirira nsomba. Mafumu, makomiti a m'midzi ya ku gombe ndi alangizi a za nsomba akhale pamodzi nagwirizane za nyengo yopumitsa mtsinje wao.

Wofuna ndiwo atenge mbedza, afune pamene madzi afooka, nawedze modekha, natenge zokwanira banja lace. Zotsalazo ndiyo mbeu ya caka ca mawa.